Khutu, Dzanja ndi Phazi

Pamene Mose anapatula Aroni ndi ana ake kuti akhale ansembe, anayamba waŵasambitsa ndi kuŵaveka. Pambuyo pake anatenga mwazi wa nkhosa yamphongo naupaka pa khutu lakumanja, pa chala chachikulu cha dzanja lamanja ndi pa chala chachikulu cha phazi lamanja. Atatero anaŵalamula kukhala pakhomo la chihema masiku 7 osachokapo. Nkhaniyi ipezeka mu Levitiko 8.

Chodabwitsa nchakuti mutu 14 ulamula kuti munthu wochira khate apakidwe mwazi pa ziwalo zomwezo. Wansembe ndi wonyozeka uja ayeretsedwa mofanana. Aŵerengi a ku Balaka adzakumbukira Utale, kumene ansembe a Montfort anatsegula mishoni mu 1908, ndipo pambuyo pake akhate anapezako chisamaliro. Kumeneko mitu iŵiriyi inakumana pabwalo limodzi.

Tsono mwambowu uphunzitsanji mumtima? Khutu liyamba, pakuti wosamvera sadziŵa chochita. Dzanja litsatira, kuti ntchito ibadwe mwa chimene chamveka. Phazi litsiriza, popeza munthu amasanduka chimene amachilondola. Abale athu Achisilamu a ku Machinga nawonso amasamba manja, makutu ndi mapazi asanapemphere.

Mphunzitsi kapena wotsiriza sukulu angathe kuyesa mwambowu popanda mwazi. Kwa masiku 7, madzulo aliwonse adzifunse mwakachetechete: lero ndamvera yani, ndagwiranji, ndapita kuti? Yankho loona limapweteka, koma kupatulika kumayambira pomwepo.