Kodi mumadziwa? Luso la filimu lili podula

Kodi mumadziwa kuti filimu ya ku sinema imaonetsa zithunzi 24 pa sekondi imodzi, pamene TV ya kuno ku Zambia imaonetsa 25? Mkonzi wa vidiyo amasankha chimodzi mwa zithunzi zimenezi kuti adulirepo, ndipo tanthauzo la nkhani limadalira pamenepo.

Cha m'ma 1920, Lev Kuleshov wa ku Russia analumikiza nkhope ya wosewera wina ndi mbale ya supu, kenako ndi bokosi la maliro, kenakonso ndi mkazi. Oonera anaona njala, chisoni ndi chilakolako, chonsecho nkhopeyo inali yomweyo.

Mukajambula magule ku Kabwata Cultural Village, dulani pamene wovina akutembenuka kapena pamene ng'oma yagunda. Diso limatsatira kuyendako, silizindikira msoko. Makamera onse akhale mbali imodzi ya ovina, chifukwa mukaolokera tsidya linalo, amene amalowera kumanja amaoneka ngati wabwerera. Ndi bwinonso kuti mawu a chochitika chotsatira ayambe kumveka chithunzi chake chisanafike. N'zomvetsa chisoni kuti mavidiyo ambiri a ukwati amadzaza ndi zithunzi zogudubuzika ndi zothwanima, pamene kudula kosalala kukanakwanira.

Ngakhale mafilimu otchuka amadalira akonzi: filimu ya Rungano Nyoni, wobadwira mu Lusaka, yotchedwa I Am Not a Witch (2017), anaikonza anthu atatu: George Cragg, Yann Dedet ndi Thibault Hague. Inapata mphoto ya BAFTA mu 2018.