Dzina la Mwana Pakati pa Mpira, Kanema ndi Sunnah

Asilamu anzathu, tikadutsa m'madooko a ku Senga Bay, Lifuwu kapena Chipoka madzulo, timamva amayi akuitana ana kuti abwere kudzadya. Pakati pa a Saidi, a Patuma ndi a Yusufu, masiku ano tikumvanso a Messi, a Neymar ndi a Rihanna. Maina amenewa afika m'nyumba zathu kudzera pa mpira wa ku Ulaya, m'nyumba zoonetsera kanema komanso m'mafoni.

Zimayamba motere: bambo amaonera wosewera wina sabata ndi sabata mpaka kumukonda ngati m'bale, ndipo mwana akabadwa m'nyengo imeneyo, dzina loyamba kubwera m'mutu ndi la wosewerayo. Si zachilendo padziko. Cristiano Ronaldo naye anapatsidwa dzina loti Ronaldo chifukwa bambo ake ankakonda Ronald Reagan, yemwe ankachita mafilimu asanakhale mtsogoleri wa America.

Si dzina lililonse la munthu wotchuka lomwe lili loipa. Mohamed Salah, yemwe anapita ku Liverpool mu 2017, ali ndi maina abwino. Ambiri timaganiza kuti Salah ndi swala imene timapemphera, koma m'Chiarabu ndi liwu lina, lotanthauza ubwino ndi chilungamo. Zinedine, dzina la Zidane, limachokera ku Zainuddin, kukongola kwa chipembedzo. Shakira ndi mkazi woyamika. Koma Messi ndi dzina la banja la eni ake, osati dzina limene munthuyo anapatsidwa, pomwe Cristiano limatanthauza Mkhristu. Kholo lomwe silinafunse likhoza kupatsa mwana wa Chisilamu dzina lonena za chikhulupiriro china osadziwa.

Chisilamu chimationgolera bwino pa nkhaniyi. Ndi Sunnah kupereka dzina pa tsiku lobadwa kapena la 7, lomwenso timameta mwana ndi kuzinga mbuzi za aqiqah, ziwiri kwa mwamuna ndi imodzi kwa mkazi. Mtumiki Muhammad (Swalla Allahu alaihi wasallam) anatiphunzitsa kuti Allah amakonda kwambiri maina a Abdullah ndi Abdurrahman. Iye ankasinthanso maina osayenera: mkazi wina dzina lake linkatanthauza wonyoza malamulo, anamutcha Jamila, ndipo Barrah anamutcha Zainab. Dzina siliyenera kukhala la Chiarabu lokha ayi. La Chiyao kapena la Chichewa la tanthauzo labwino, monga Chikondi kapena Mphatso, ndi lololedwa. Choletsedwa ndi dzina losonyeza ukapolo kwa wina osati Allah, kapena la tanthauzo lonyansa.

Tikumbukirenso kuti dzina likalembedwa kuchipatala ndi ku National Registration Bureau, limamutsata mwana kusukulu, ku madrasa, pa chitupa mpaka pa nikah yake. Wosewera mpira amapuma, woimba amaiwalika kapena kugwa m'mbiri yochititsa manyazi, koma mwana amasenzabe dzinalo mpaka ukalamba.

Choncho tisanatchule dzina, tifunse tanthauzo lake kwa a Shehe a pamzikiti wathu, tikambirane ndi akuluakulu a m'banja, ndipo tidzifunse ngati mwanayo adzakondwe nalo ali ndi zaka 40. Dzina labwino ndi limodzi mwa maufulu oyamba a mwana kwa makolo ake. Allah atipatse ana abwino, ndipo Iye ndiye Wodziwa koposa.