Kuwerenga Masiku: Ntchito Yooneka Yopepuka

Foni imene ili m'thumba mwanu ikakuuzani kuti kwatsala masiku 12 kuti mubweze ngongole, kapena kuti mayi woyembekezera apitenso ku sikelo, mumakhulupirira mosakayika, ndipo m'poyenera kutero. Koma ife amene ntchito yathu ndi kulemba mapulogalamu a m'mafoniwa tidziwa kuti kanambala kameneko kagwetsa amisiri ambiri, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Choyamba chimene muyenera kudziwa, owerenga anga, n'chakuti kompyuta sidziwa Lolemba kapena Lachiwiri. Makina ambiri amasunga nthawi monga nambala imodzi yaitali, ndiyo masekondi amene apita chiyambire pakati pa usiku wa pa 1 Januwale 1970 pa nthawi ya dziko lonse yotchedwa UTC. Tsono wophunzira ntchitoyi, poona kuti tsiku lili ndi masekondi 86,400, amati mumtima mwake: ndichotsere nambala yaing'ono mu yaikulu, ndigawe ndi 86,400, ntchito yatha. Njira imeneyi imayenda bwino masiku ambiri, ndipo m'menemo ndimo muli msampha, popeza cholakwa chobwera kamodzikamodzi sichioneka poyesa, chimadikira tsiku limene pulogalamu ili kale m'manja mwa anthu.

Taganizani za munthu wokongola ndalama Lolemba 11 koloko usiku, amene ayang'ana foni yake Lachiwiri 1 koloko mbandakucha. Papita maola 2 okha, ndipo masamu aja ati palibe tsiku lapita. Komabe kalendala ya pakhoma yasuntha kale. Taganizaninso za mbale wathu wokhala ku London, kumene amakankhira wotchi kutsogolo ndi ola limodzi Lamulungu lomaliza la Malichi, nkuibweza Lamulungu lomaliza la Okutobala. Kumeneko, kuchokera masana a pa 30 Malichi 2024 kufikira masana a pa 31 Malichi panali maola 23 okha, kotero kuti pulogalamu yogawa ndi 24 n'kutaya zotsala inkayankha kuti tsiku silinathe. Kuno kwathu wotchi sitiisintha, n'chifukwa chake mmisiri wa ku Lilongwe angathe kuyesa ntchito yake chaka chathunthu osaona vuto, kufikira pamene wina aitsegula ali kutsidya la nyanja.

Nayonso kalendala ili ndi mbiri yake. Dziko limazungulira dzuwa m'masiku 365 ndi maola pafupifupi 6, motero timaonjezera 29 Febuluwale m'chaka chogawika ndi 4, kupatula zaka zothera ndi 00, pokhapokha zikagawikanso ndi 400. N'chifukwa chake 2000 inali nalo tsikulo, 1900 inalibe, ndipo 2100 sidzakhala nalo. Lamulo limeneli linadza ndi Papa Gregory XIII mu 1582, pamene tsiku lotsatira 4 Okutobala linakhala 15 Okutobala. Angerezi anazengereza kufikira 1752, nalumpha kuchokera pa 2 Seputembala kufika pa 14. Ngakhale m'masiku athu ano, dziko la Samoa linadumpha 30 Disembala 2011 yense, posamukira kutsidya lina la mzere wolekanitsa masiku. Ndipo amene anali ndi kachipangizo koimba nyimbo ka Zune ka kampani ya Microsoft anakapeza kataumiratu pa 31 Disembala 2008, chifukwa malamulo ake anasokonezeka ndi tsiku la 366.

Latsala funso limene makina sangatiyankhire: kodi tsiku loyamba liwerengedwe? Akhristu amati Ambuye anauka tsiku lachitatu, powerenga Lachisanu, Loweruka ndi Lamulungu. Koma kompyuta mukaipatsa masiku awiri omwewo idzati kusiyana kwake ndi 2. Onsewa alondola, aliyense monga mwa kawerengedwe kake. Mwini nyumba ya alendo amawerenga usiku, pamene wolemba aganyu amawerenga masiku onse ogwira ntchito, loyamba ndi lomaliza lomwe. Mmisiri wosafunsa mwini ntchito za chimenechi adzadya phula monga Safunsa uja.

Chifukwa chake langizo langa kwa achinyamata olowa ntchito imeneyi ndi ili: yambani mwadziwa ngati muwerenga maola kapena masiku a pakalendala. Akakhala masiku, khazikitsani poyamba dera limene tsikulo liwerengedwere, chotsani maola onse mutsale ndi chaka, mwezi ndi tsiku, kenaka mupereke masamuwo kwa zida zimene akatswiri anasula kale. Wolembera Android ali ndi LocalDate ndi ChronoUnit.DAYS.between, zimene zinadza ndi Java 8 mu 2014. Wolembera iPhone ali ndi Calendar ndi startOfDay yake. Mukatero, yesani ntchito yanu pa 29 Febuluwale, pa 31 Disembala, ndi pa tsiku limene maiko ena asintha wotchi.

Ndilimbikira chotere chifukwa tsiku limodzi lolakwika lingaonjezere chiwongoladzanja kwa mayi wogulitsa tomato, kapena kuphonyetsa mwana katemera. Ndipo anthu amenewa alibe njira yotsutsira foni, angodalira kuti amene anailembera malamulo anagwira ntchito yake mokhulupirika.