Kusamala Wodwala Maganizo Akatuluka M'chipatala

Amayi amene mumabwera ndi ana kusikelo kuno ku Bwanje, ndinunso amene mumadwazika matenda pakhomo. Nchifukwa chake nkhani iyi tikukambirana ndi inu.

Pali nthenda ya maganizo imene achipatala amaitcha kukhumudwa kwakukulu. Si ulesi ayi, ndipo si kulodzedwa. Munthu amangokhala ndwii kwa masabata ambiri, tulo osabwera, nsima osaifuna, namadziona ngati wachabechabe. Imagwira abambo ndi amayi omwe, ngakhalenso mayi amene wangochira kumene, khanda lili m'manja. Ikakula, wodwala amatumizidwa kuchipatala chachikulu cha ku Ntcheu, ndipo ena amapitirira kukagonekedwa ku Zomba Mental Hospital.

Tsiku limene wodwala watuluka, abale amakondwa nati wachira. Apa mpamene ambiri timalakwa. Madokotala m'maiko ambiri apeza kuti ngozi yakuti munthu adziphe imakula kwambiri pa miyezi 3 yoyamba atatuluka, makamaka masabata oyambirira. Kuchipatala anali kuyang'aniridwa usana ndi usiku. Kumudzi wadzapeza ngongole zomwe zija, mikangano yomwe ija, ndi anthu omuloza chala kuti wachokera ku Zomba. Nthaŵi zinanso thupi limayamba kupeza mphamvu mtima usanapole, kotero kuti amene kale sankatha kudzuka pamphasa tsopano angathe kuchita zimene ankangoganiza.

Mankhwala a nthendayi, monga amitriptyline ndi fluoxetine, sagwira ntchito tsiku limodzi. Pamapita masabata 2 mpaka 4 kapena kupitirira, ndipo ayenera kumwedwabe kwa miyezi 6 munthu atapeza bwino. Musungeni ndinu mankhwalawo, muzimpatsa a tsiku limenelo okha, pakuti amitriptyline ngwoopsa akamwedwa wambiri. Mayi woyamwitsa asaleke kumwa mankhwala kapena kuyamwitsa asanafunse anamwino. Tsiku lobwerera kuchipatala lisaphonyedwe, ndipo wina amperekeze.

Kuno kuchigwa ndife alimi, ndipo m'nyumba zambiri muli mankhwala opopera mbeu, osungira chimanga ndi ophera makoswe. Atsekereni, kapena kaŵasungitseni kwa mbale wokhulupirika wodwala asanafike. Maganizo odzipha kaŵirikaŵiri amadza mwamphamvu kwa kanthaŵi kenaka nkuchepa. Ngati poizoni sali pafupi pa nthaŵi imeneyo, munthu amapulumuka. Moŵa nawo usamyandikire.

Tcherani khutu akamati, "Ine ndangokhala mtolo kwa inu," kapena, "Ana aŵa mudzandilerere." Chenjeraninso akayamba kugaŵa katundu wake, kutsazika anthu popanda ulendo, kapena akakhala phee mwadzidzidzi pambuyo pa masiku a kulira. Pamenepo khalani naye pansi, mumfunse mosabisa ndi mofatsa kuti, "Kodi mukuganiza zodzipha?" Ena amaopa kuti funso lotere limampatsa munthu nzeru yoipa. Sizoona, ambiri amapepukidwa mtima poona kuti wina wamva. Musamkalipire, musamseke, ndipo musalonjeze kumsungira chinsinsi.

Akavomera, asakhale yekha ngakhale usiku. Uzani ankhoswe kapena mlangizi wa zaumoyo, ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira tsiku lolembedwa m'buku lake. Ngati wamwa kale poizoni, musamsanzitse kapena kumpatsa mkaka. Thamangirani naye kuchipatala mutanyamula botolo kapena pepala la mankhwalawo, kuti adokotala adziŵe chimene wamwa.