Phala la Kusukulu: Adzasonkheza Moto ndi Yani?

Mphunzitsi aliyense amene wagwirapo choko kumudzi amaidziŵa miyezi ya Januwale ndi Febuluwale. Chimanga chimakhala chili m'munda, chobiriŵira bwino, koma nkhokwe zili mbee. Nthaŵi imeneyi maina ambiri m'kaundula sayankhidwa. Ana ena amapita kukagwira ganyu pamodzi ndi makolo awo; ena amafikadi m'kalasi, koma dzuŵa likangokwera pang'ono mitu imayamba kuwerama. Mwana wotere sitinganene kuti ndi waulesi kapena wogona. M'mimba mukakhala mopanda kanthu, masamu saloŵa m'mutu.

Vuto limeneli linaonekera poyera m'chaka cha 1994, pamene boma linathetsa fizi m'sukulu za pulaimale. Chiŵerengero cha ana chinakwera kuchoka pa mamiliyoni aŵiri osakwana kufika pafupifupi mamiliyoni atatu. Chitseko chinatseguka, inde, koma ambiri mwa amene analoŵa anali ana a m'mabanja osauka, ndipo njala inaloŵa nawo limodzi. Posakhalitsa zinadziŵika kuti kumlembetsa mwana ndi ntchito yapafupi, yovuta ndiyo kumsunga kufikira Sitandade 8.

M'chaka cha 1999 bungwe la World Food Programme, mogwirizana ndi boma, linayamba kuyesa kudyetsa ana m'sukulu zina za m'boma la Dedza. Kenaka kunadza njala yoopsa ya 2002. M'chaka chomwecho munthu wina wa ku Scotland, Magnus MacFarlane-Barrow, anacheza ndi banja lina ku Balaka, kumene mayi anali kudwala mwakayakaya. Atafunsa mwana wachisamba chimene ankalakalaka pa moyo wake, mnyamatayo anatchula zinthu ziŵiri zokha: chakudya chokwanira ndi mwaŵi wopita kusukulu. Yankho limenelo ndilo linabala bungwe la Mary's Meals, limene linayamba ndi ana 200 okha, koma m'kupita kwa zaka linafika podyetsa ana oposa 1,000,000 m'Malaŵi muno tsiku lililonse la sukulu.

Phala lake si lachilendo. Ndi Likuni Phala, lotchedwa dzina la chipatala cha mishoni cha Likuni, pafupi ndi Lilongwe, kumene linayambira ngati chakudya cha ana onyentchera. Ufa wake ndi wa chimanga ndi soya, wothiramo mavitamini ndi michere ina yofunika m'thupi. Ophika ndi anthu a m'midzi yozungulira sukulu, makamaka amayi, amene amalaŵira m'bandakucha kukatunga madzi ndi kukoleza moto popanda malipiro. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo amayi ameneŵa mwambiwu amauchita ndi manja awo.

Ana osinkhukirapo ali ndi vuto lawolawo. Mtsikana wa zaka 13 kapena 14 ndiye amayamba kuchotsedwa sukulu njala ikafika pakhomo, mwina kuti akagwire ntchito ya m'nyumba kutauni, mwina kuti akwatiwe, pakamwa pamodzi pachepe. Pofuna kutseka mpata umenewu, a World Food Programme anakonzapo zoti atsikana ndi anyamata amasiye a m'makalasi apamwamba azilandira chimanga chopita nacho kunyumba m'miyezi ya njala, malinga ngati sakujomba. Motero kholo linkaona kuti mwana akakhala pasukulu banja lonse likupindula.

Komabe tisanamizane kuti phala lathetsa zonse. Kafukufuku wa boma wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Kupinimbira kumayamba mwana ali m'mimba mpaka atakwanitsa zaka ziŵiri, ndipo phala la Sitandade 1 limampeza zinthu zitaonongeka kale. M'mera mpoyamba. N'chifukwa chake sikelo ya ana, kuyamwitsa, ndi chiponde cha kuchipatala chimene chimapulumutsa ana onyentchera kwambiri, ndi mbali ya nkhondo yomweyi.

Chachiŵiri ndi ichi: ndalama zambiri zogulira ufa zakhala zikuchokera kunja. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 ndiponso chilala cha 2024, chimene chinachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, zinationetsa kuti pamene phala lifunika koposa ndi pomwenso chimanga chimasoŵa ndi kukwera mtengo. Nanga tsiku limene othandizaŵa adzatembenukire kwina, mphika udzatereka ndani?

Njira imodzi yayesedwa kale. M'malo moitanitsa ufa kutali, sukulu zina zimapatsidwa ndalama zogulira chimanga, nyemba, mtedza, mbatata ndi masamba kwa magulu a alimi a m'dera lomwelo. Mwana amadya zakasinthasintha, mlimi amapeza msika pafupi, ndipo ndalama imazungulira m'mudzi.

Tsono inu aphunzitsi, kaundula wanu ndiye mboni yoyamba. Mwana akajomba masiku atatu m'mwezi wa njala, fufuzani za kwawo musanatole chikwapu. Onetsetsaninso kuti mzere wa phala sukudya nthaŵi ya maphunziro, ndi kuti thumba lililonse la ufa lalembedwa m'buku. Nanunso achinyamata amene mwatsiriza sukulu ndipo mukudikira ntchito, ambiri a inu munakula ndi kapu ya phala m'manja. Dimba la sukulu, nkhalango ya nkhuni ndi komiti ya phala zikusoŵa anthu odziŵa kulemba ndi kuŵerengera, ndipo anthuwo ndinu.

Mlungu wamaŵa tidzaona m'mene sukulu ingayambitsire munda wakewake, ndi mbewu zimene ziyenera kubzalidwamo.