Ulendo wa Liu Lakuti Shekar

Mayi wa ku Tehran akafuna kuphika zotsekemera amaitanitsa "shekar", pamene mayi wa ku Nchalo kapena ku Dwangwa amaitanitsa "shuga". Mau awiriwa ndi pachibale, ngakhale eni ake sadziwana.

Liu lakuti shekar ndi la Chifarsi, chiyankhulo cha ku Iran, dziko limene maiko ena ankalitcha Persia kufikira chaka cha 1935. Komatu liuli silinabadwire kumeneko. Gwero lake ndi ku India, kumene anthu anayamba kalekale kuphika madzi a nzimbe mpaka kuuma. M'chiyankhulo chakale cha Sanskrit, "sharkara" linkatanthauza timiyala kapena mchenga wokhakhala, ndipo dzinali linapatsidwa kwa timibulu totsekemerato poona maonekedwe ake. Nzimbe zitafika ku Persia zinalimidwa kwambiri m'chigawo cha Khuzestan, ndipo liu lija linafupika nkukhala "shakar".

Aluya atagonjetsa ufumu wa Persia cha m'ma 651, anatenga mbewu ndi dzina lomwe, nalitchula kuti "sukkar". Kuchokera apo linagawikana njira. Aswahili anati "sukari", Apwitikizi "açúcar", Ataliyana "zucchero", Afalansa "sucre", ndipo Angerezi anati "sugar", amene Achewa anamusandutsa shuga.

Pa katchulidwe ndi pamene pagona nkhani. Chifarsi cha ku Iran chimalembedwa ndi malembo a Chiluya, ndipo malembo a liu aafupi kawirikawiri salembedwa. Motero pa pepala pamaoneka malembo atatu okha: sh, k ndi r. Wowerenga ndiye amadzaza mipatayo monga anazolowera kumva kwao. Ku Iran amati "shekar", pamene ku Afghanistan ndi ku Tajikistan anasunga katchulidwe kakale ka "shakar". Mphamvu ya liu imagwera kumapeto, pa "kar", ndipo r womalizayo amamveka bwino lomwe popanda kanthu kena komutsatira. Lilime la Mchewa, lozolowera kutsiriza mau ndi a, e, i, o kapena u, limafuna kuonjezerapo i. Wophunzira ayenera kuligwira.

Ngozi ina ndi iyi: malembo atatu omwewo akawerengedwa kuti "shokr" amatanthauza kuthokoza. Liu limeneli ndi la Chiluya, mbale wake wa "shukrani" wa Aswahili, ndipo silikhudzana konse ndi nzimbe. Chiganizo chokha ndicho chimauza wowerenga ngati wolemba akuyamika Mulungu kapena akutchula za m'sitolo.

Mlendo wopita ku Iran adziwenso kuti shekar ndi shuga wa mchengamchenga. Wa mibulu amatchedwa "qand", liu limene linabala "candy" wa Angerezi. Mbulu umenewu munthu amauika m'kamwa, kenaka nkumamwera tiyi pang'onopang'ono mpaka utasungunuka.