Nyumba zakale za m'mafamu a ku Chipata: ndani anazimanga?

Mukatuluka m'tauni ya Chipata kulowa m'mafamu akale, mudzaona apa ndi apo nyumba yakhonde lalikulu itabisala m'mitengo ya mango, malata ake atachita dzimbiri. Anthu amangoti "nyumba ya mzungu". Ine dzinali limandiwawa, chifukwa amene anaphwanya miyala, kuumba njerwa ndi kukweza mapaso anali makolo athu.

Nyumbazi zinabwera nkhondo itatha. Mu 1898 asilikali a atsamunda anagonjetsa Angoni a Mpezeni n'kupha mwana wake Nsingo. Chaka chotsatira tauni ya Fort Jameson, yomwe lero ndi Chipata, inakhazikitsidwa, ndipo inali likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911. Kampani ya North Charterland inkati dera lonseli ndi lake, motero inkagulitsa malo kwa azungu olima fodya, eni nthaka n'kukankhidwira m'malo opanikizana. Fodya anavuta pamsika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, alimi ambiri ananyamuka, ndipo mu 1941 boma linagula malo a kampaniyo. Nyumba zinatsala.

Zambiri ndi za njerwa zootcha, koma mphamvu yake ili pamwala. Nyumba ina imene ndimaidziwa bwino ili ndi maziko a miyala ya m'phiri lapafupi, okwera kufika m'chiuno. Ikani dzanja pamenepo muone. Mmisiri ankasankha mwala uliwonse, nkhope yosalala n'kuiyang'anitsa kunja, timiyala ting'onoting'ono n'kutsekera m'mipata, ndipo ankaonetsetsa kuti mwala wapamwamba wakhala pamphambano ya miyala iwiri yapansi. Simenti inali yosowa, poti katundu ankadzera ku Tete kapena ku Blantyre atasenzedwa pamutu ndi amtengatenga. Choncho ankamangira dothi la pachulu, n'kupaka njereza pamwamba.

Chilichonse panyumbayi chili ndi chifukwa chake. Maziko okwerawo amatchinga chinyezi, ndipo njira ya chiswe imaonekera msanga pamwala chisanafike kudenga. Khoma lochindikala limachedwetsa kutentha, mwakuti mu Okutobala, kunja kukuotcha, m'katimo mumakhala mozizira bwino. Khonde limateteza khoma ku mvula ya mkuntho. Pabalaza pali malo osonkhapo moto ndi chumuni chake, podziwa mphepo ya mu Juni. Khichini ili payokha kuseri, pothawa utsi ndi ngozi ya moto, komanso chifukwa wophika sankafunika kukhala pafupi ndi bwana. Kumusi kwake kuli mabalani a fodya, aatali, opanda mawindo, momwe antchito ankachezera usiku wonse kusonkhezera nkhuni pansi pa diso la kapitawo.

Ena amati zigwe basi, n'zokumbutsa ukapolo. Ndikuwamvetsa, koma tikazigwetsa tidzafafaniza umboni wa zimene zinachitika, pamodzi ndi luso la agogo athu. Mwana amene waona balani ndi maso ake safunsanso kuti fodya wa atsamunda anadya thukuta la yani.

Chimene chikupha nyumbazi si ukalamba ayi. Ndi denga lodontha losakonzedwa, kachere womera mumng'alu mpaka mizu yake kung'amba khoma, ndiponso anthu ogumula njerwa kukamangira zimbudzi. Ngakhale okonza amalakwitsa: akamata simenti pakhoma lomangira dothi, chinyezi chimatsekeredwa m'kati, khoma n'kuyamba kufumbutuka. Mankhwala ake ndi njereza ndi mchenga, monga ankachitira akale.

Lamulo la 1989 lomwe linakhazikitsa bungwe la National Heritage Conservation Commission limateteza zomangidwa chisanafike chaka cha 1924, koma lamulo silikwera padenga kukakhoma msomali. Ngati pafamu panu pali nyumba yotere, tsekani podontha mvula isanagwe, zulani kachere akadali wamng'ono, ndipo dziwitsani bungweli. Koposa zonse, pitani kwa akuluakulu a m'mudzi akadali moyo, mukafunse mayina a amisiri amene anaimanga, muwalembe.